Chingwe cha bwato la Mzee Athumani

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene amalume ananditenga kwathu, kufupi ndi doko la Kachulu pa nyanja ya Chilwa, n'kubwera nane kuno ku Nairobi. Iwo ankagwira ntchito ku bungwe lina lothandiza alimi, ofesi yake ili ku Upper Hill, ndipo ankakhala ndi akazi awo m'nyumba yam'mwamba ku Parklands. Pangano lake analinena ine ndili pomwepo, nditakhala pamphasa pambali pa amayi. Anati andiyesa chaka chimodzi. Chikatha chakacho adzaona ngati ndipitirize sukulu kuno kapena ndibwerere kumudzi.

Amayi pondiperekeza kokwerera basi sanachulutse mawu. Anangoti, "Kwa eni kumeneko, Lonjezo. Ukaona ntchito, uzigwira asanakutume."

Ndinachitadi zimenezo. Ndinkadzuka anthu asanadzuke n'kusesa pabalaza, ngakhale kunkabwera mayi wina wa ku Kibera amene ntchito yake inali yomweyo. Mayiyo ankandipeza nditakolopa kale, n'kuima pakhomo manja ali m'chiuno, akulankhula Chiswahili chimene pa nthawiyo sindinkamva. Nsapato za amalume ndinkazipaka polishi, mpaka zina zimene sizinkafuna polishi. Kusukulu ndinkakhala kumbuyo. Chingerezi cha ana a kuno chinkathamanga, ndipo mphunzitsi akafunsa ngati tamva, ndinkagwedeza mutu pamodzi ndi anzanga. Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi, Amalawi anzathu ankaima pabwalo n'kumacheza, wina n'kundigwira paphewa, "Nanga a ku Chilwa, Nairobi mwamuzolowera?" Ine ndinkati inde, maso ali pansi.

Akazi a amalume, amene ndinkawaitana kuti azakhali, anali munthu wansangala ndi wolankhulalankhula, ndipo ankandiyamikira pa kalikonse. Amalume ndiwo sindinkawamvetsa. Ankabwera madzulo, kuvula jekete, n'kundifunsa, "Sukulu bwanji, mphwanga?" Ndikati bwino, ankandiyang'ana kanthawi ngati akudikira mawu ena, kenaka n'kutsegula kompyuta yawo. Chaka chinatha chonchi, ine osadziwa ngati ndakhoza kapena ndalephera.

Mu Disembala sukulu zitatsekedwa, a Kombo, dalaivala wa ku ofesi ya amalume, anatiitana kuti tikaone kwawo kugombe la nyanja yamchere, kumpoto kwa Mombasa. Anali munthu wachinyamata, woseka mokweza, ndipo ankapita kutchuthi kwa bambo awo. Tinakwera sitima m'mawa, kunja kukuzizira monga mmene Nairobi amachitira. Sitima itadutsa mapiri n'kuyamba kutsika, amalume anapinda nyuzipepala yawo n'kunena osandiyang'ana, "Za sukulu ya chaka chamawa tikambirana tikabwerako."

Ndinati inde. Kuyambira pamenepo nyama zakutchire zimene anthu ankalozerana pawindo sindinazione bwinobwino. Ndinkangoganiza kuti masiku a ulendowu ndiwo omaliza oti ndionetse kuti ndine munthu woyenera kusungidwa.

Ku Mombasa kutentha kunatilandira pakhomo penipeni pa sitima. Kwathu ku Chilwa kumatentha, koma kuja kunali kutentha konyowa, kokakamira pakhungu ngati bulangete loviika. Tinakwera minibasi, imene kuno amati matatu, kenaka kanjinga kamoto ka mawilo atatu kotchedwa tuktuk, ndipo tinafika dzuwa litapendeka pamudzi wina wa nyumba zofolera ndi masamba a kokonati. Nyanja yaikulu sinkaoneka. Kuseri kwa nyumba kunali mitengo yothinana yobiriwira, yoima m'madzi, mizu yake ili pamwamba ngati miyendo ya kangaude. A Kombo anati mitengoyo ndi mikoko, ndipo pakati pake panali khwawa lalikulu lolowera kunyanja.

Bambo a a Kombo, amene anthu ankawalemekeza m'Chiswahili kuti Mzee Athumani, anali wamfupi, wowonda, atavala nsalu m'chiuno ndi kachipewa koyera. Ndinawapatsa moni monga mmene tinaphunzirira kusukulu, "Shikamoo," iwo n'kuyankha, "Marahaba." Ndikanangothera pomwepo, koma azakhali anandikokera kutsogolo. Chiswahili chawo chinali chogulira masamba pamsika, koma sankachiopa.

"Uyu ndi mwana wa msodzi," anatero. "Bambo ake ali ndi bwato. Nsomba amazidziwa kuposa tonsefe."

Mzee anandiyang'ana manja, osati nkhope. Kenaka anauza a Kombo kuti m'mawa andidzutse, tikapita tonse.

Zinali zoona kuti bwato ndinkalidziwa. Ndinayamba kukwera la atate ndisanayambe sukulu. Ndinkadziwa kupalasa nkhafi, kukapa madzi, kuwonjola makumba mu ukonde osang'amba diso ngakhale limodzi. Chaka chonse ku Nairobi panalibe aliyense amene anandifunsa chinthu chimene ndinkachidziwa. Tsono nditagona madzulo amenewo mtima unali m'malo, koyamba chichokereni kwathu.

Tinanyamuka dzuwa likutuluka. Madzi anali atafika m'munsi mwenimweni mwa kanjira kochokera kunyumba, ndipo bwato linali pomwepo, la mtengo umodzi ngati athu, lokalamba, lomatidwa phula m'mbali. Mzee anakhala kumbuyo ndi nkhafi, ine kutsogolo pamwamba pa ukonde. Ndinaviika chala m'madzi n'kunyambita mobisa. Unali mchere weniweni, wofunda ngati madzi osiyidwa padzuwa.

Tinalowa m'kakhwawa kakang'ono pakati pa mikoko, kumene nthambi zinkatikhudza m'mutu. Kunalibe mphepo. Kunkamveka fungo la matope ndi masamba owola, komanso timaphokoso tambirimbiri tong'ung'udza m'mizu. Pakamwa pa kakhwawako Mzee anazika mitengo iwiri, wina mbali iyi wina mbali inayo, ndipo tinatchera ukonde modutsa, ine ndikuuponya pang'onopang'ono iwo akukankha bwato. Sanandiuze kagwiridwe kake. Anangoona mmene ndikumasulira chingwe cha m'munsi kuti chisapotane ndi cha pamwamba, n'kuchita kaphokoso kukhosi kovomereza.

Titatero tinadikira. Posakhalitsa madzi anayamba kuyenda, kutuluka m'mikoko muja kulowera kukhwawa lalikulu, atanyamula masamba ndi thovu. Ine ndinati mumtima, ooh, kani ndi mtsinje. Mitsinje ndinkaidziwa. Imatsikira kunyanja, ndipo mvula ikadutsa imaphwera. Choncho nditaona madzi akuchepa, mizu ikutulukira, sindinadabwe kwambiri. Kuthamanga kwake ndiko kunandizunguza mutu pang'ono, chifukwa mtsinje suphwera munthu akuyang'ana. Funso linafika mpaka pamilomo. Koma ndinali nditatchulidwa kale mwana wa msodzi, ndipo ndinaganiza kuti mwana wa msodzi safunsa za madzi.

Nsomba zinabwera ndi madziwo. Zoyandamitsa ukonde zinayamba kunjenjemera, kenaka kumira. Zina zasiliva, zazitali ngati mkono wanga, zinkadumpha pamwamba pa ukonde n'kugwera kutsidya, Mzee n'kuzitukwana chapansipansi. Anati dzina lake ndi mkizi. Dzuwa litakwera, thukuta likuyenderera m'maso, anati, "Vuta," ndipo tinakoka. Ndinawonjola nsomba imodzi ndi imodzi, kuigwira kumutu n'kuibweza m'diso la ukonde monga atate anandiphunzitsira. Panali ina yamathothomathotho imene Mzee anandimenya dzanja ndisanaigwire, n'kundionetsa minga yake yapamsana. Zotsalazo anandisiyira. Dengu litadzaza ananena mawu amene ndinawamva bwino lomwe, kuti ndinedi mwana wa msodzi.

Pobwerera khwawa lalikulu lija linali litasanduka kamfuleni. Kanjira kakunyumba kanali patali, ndipo pakati pa ife ndi kanjirako panali matope akuda, onyezimira, odzaza tinkhanu tokweza dzanja limodzi m'mwamba. Mzee anaimitsa bwato pafupi ndi mkoko wina wa m'mphepete mwa madzi. Anatenga chingwe, chachitali zedi, n'kumangirira nsonga yake ku muzu wonenepa wapansi. Chotsalacho anangochisiya chili zyolizyoli pamatope ngati njoka yogona. Ukonde ndi nkhafi anazisiya m'bwato momwemo, chifukwa madzulo ankafuna kupitanso. Anasenza dengu n'kuyamba kupita, miyendo ikumira mpaka m'mawondo.

Ine ndinatsala ndikuyang'ana chingwecho. Kwathu atate akanandikwapula nacho chomwecho. Pa Chilwa bwato limamangidwa pafupi, mphuno yake kukhudza chikhomo, kuti mphepo ikabwera lisayendeyende n'kumagundana ndi anzake. Atate ankati chingwe cholekerera ndi cha munthu waulesi. Ndinaganiza kuti Mzee watopa ndi dzuwa, kapena ukalamba wawaiwalitsa. Kuwauza kukanakhala mwano. Kuwakonzera mwakachetechete ndiye kunali ulemu.

Ndinakoka bwato mpaka mphuno yake inagunda muzu uja. Ndinakulunga chingwe chonse pamuzupo, mozungulira bwinobwino, n'kumaliza ndi mfundo ya atate, imene simasuka ngakhale ng'ombe ikoke. Ndinaliyesa kuligwedeza. Silinasunthe. Ndinathamanga m'matope kuwatsatira Mzee, amene sanacheuke.

Pachitsime, ndikutsuka miyendo, azakhali anabwera kudzafunsa mmene zayendera. Ndinawauza za nsomba zodumpha. Kenaka, chifukwa chimwemwe chinandikulira, ndinawanong'oneza za chingwe.

"Iwe ndiye mwana," anatero, akundisisita m'mutu. "Amalume ako amve zimenezi."

Chakudya chinachedwa, chifukwa mpunga wake unali wophikira kokonati ndipo amayi a panyumbapo sanafune kuthamangitsidwa. Tinakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango dzuwa litapitirira pamutu. Nsomba zathu zija zinabwera zowotcha, zothira mandimu ndi tsabola. A Kombo ankaseka amalume kuti akudya ndi manja ngati munthu wosaina mapepala. Mzee ankadya mwakachetechete, akuchotsa minga ndi milomo.

Azakhali anadikira mpaka aliyense atakhazikika. Kenaka anakweza mawu m'Chiswahili chawo chija, diso lili kwa amalume.

"Mzee, mwana wathuyu ndi wosamala kwambiri. Mukudziwa kuti wakumangirani bwato? Chingwe munachisiya chachitali, iye wachifupikitsa bwinobwino. Akuti ngakhale mphepo ibwere silisuntha."

Dzanja la Mzee linaima m'malere, mpunga uli m'manja.

"Amefanya nini?" anatero, kufunsa kuti ndachita chiyani.

A Kombo sanadikire kuti azakhali abwereze. Anadumpha mbale, kutola mpeni umene amayi awo ankadulira mandimu, n'kuthamangira kumikoko. Mzee anawatsatira, nsalu ataikwinyira m'mwamba. Sindinkaganiza kuti munthu wokalamba chotero angathamange. Ine ndinapita pambuyo pawo osadziwa chimene tikuthamangira.

Matope aja kunalibe. Tinkhanu tija kunalibe. Madzi anali atabwerera, ali pafupi kufika pakanjira, ndipo mkoko umene tinamangapo bwato unali pakati pa madzi, mizu yake yonse itamira. Bwato linali chozondoka mwa theka. Mphuno yake inali pansi pa madzi, yogwidwa ndi mfundo yanga, ndipo kumbuyo kwake kunali kutatukuka pang'ono, kukugwedezeka ngati mbuzi yokana chingwe. A Kombo analowa m'madzi ndi malaya omwe, kusambira, kumira, kutuluka kudzapuma, kumiranso. Ulendo wina chingwe chinaduka, ndipo bwato linavuuka pang'onopang'ono n'kugudubuka chammbali, lodzaza madzi. Munalibe kanthu.

Chimene ndimakumbukira kwambiri si bwatolo. Ndi nkhafi. Ndinaiona patali ikuyandama, ikupita kumtunda, mbali imene m'mawa madzi ankachokera. Mtsinje unkayenda chobwerera. Ndinaima pamenepo pakamwa pali yasa, ndipo kwa kanthawi ndinaiwala ngakhale kuchita mantha.

Amalume ndi azakhali anafika akupuma mwawefuwefu. Mzee anali chiimire m'madzi ofika m'chiuno, akuyang'ana m'mikoko. Sanandikalipire. Sanandiyang'ane n'komwe, ndipo zimenezo zinawawa kuposa ndodo. A Kombo, akufinya malaya, anafotokozera amalume kuti miyezi imeneyi, mphepo ikamachokera kumpoto ndipo madzi ali ofunda, ndiyo nthawi imene nsomba zimalowa m'makhwawa. Zimene bambo awo amapha nyengo imeneyi ndizo zimadyetsa nyumba mpaka mvula yaikulu. Amalume anayamba kunena zogula ukonde wina. Mzee anapukusa mutu. Anati ukonde wa m'sitolo ndi nsalu chabe, kuumanga zingwe ndi zoyandamitsa mpaka ugwirizane ndi makhwawa ake nyengo ikhala itapita. Anati tidikire madzi achoke.

Azakhali anayesa kundiikira kumbuyo, akulankhula ndi amalume. "Mwanayu amafuna kuthandiza, bambo."

"Ndaona," anatero amalume m'Chichewa. Anatembenukira kwa ine. "Unafunsa ndani?"

Ndinapukusa mutu.

"Chabwino. Tikakambirana ku Nairobi."

M'mawa mwake, madzi atayambanso kutsika, Mzee anaima pakhomo n'kunena kuti akufuna mnyamata uja. Ndinatuluka ndikuyembekezera chilango. Anandipatsa nsapato zakale zapulasitiki, zazikulu kuposa mapazi anga, n'kunena kuti ndizimange ndi luzi. Tinalowa m'mikoko wapansi, kutsata mbali imene nkhafi inalowera.

Kuyenda m'mikoko si kuyenda. Ndi kukwera, kuwerama, kukwawa. Mizu inali yokutidwa ndi tizigoba takuthwa ngati malezala, ndipo posakhalitsa manja ndi akakolo anga anali ndi timabala tambiri, mchere n'kumalowamo. Udzudzu unkatiluma dzuwa likuswa mtengo. Mzee ankapita patsogolo, osafulumira, akuyang'ana kumene zinyalala zakodwa.

Tinakhala pamuzu wina kuti tipume. Apo ndi pamene anandiyang'ana koyamba chichitikireni ngozi ija.

"Chingwe changa chinakuoneka bwanji?" anafunsa, akulankhula pang'onopang'ono kuti ndimve.

Ndinafunafuna mawu a Chiswahili. "Ngati munaiwala."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndakalamba, mwanangu, koma sindinapenge."

Anandiloza thunthu la mtengo umene unali patsogolo pathu. Pamwamba pa mutu wanga panali mzere. Pansi pa mzerewo khungwa linali lakuda ndi lonyowa, pamwamba pake louma. Nditayang'ana mitengo ina yonse, mzere unali womwewo, ndipo masamba onse ankathera pamenepo ngati wina anawadula ndi sizasi. Ndinali nditadutsa pansi pa mzere umenewu dzulo lake m'mawa wonse.

"Madzi amafika apo?" Linali funso langa loyamba, ndipo linatuluka lokha.

Anati amafika, kawiri pa tsiku, n'kuchokanso. Anati mwezi ukakhala wathunthu kapena ukabisala amakwera kwambiri, ukakhala theka amachita ulesi. Chingwe chachitali chimalola bwato kukwera pamodzi ndi madzi, ndipo madzi akamadzaza amalikankhira lokha kufupi ndi kanjira, mwini wake osanyowa. Kenaka iwonso anandifunsa za kwathu. Ndinawauza kuti madzi a Chilwa amakwera ndi mvula n'kutsika ndi chilimwe, ndipo zaka zina nyanja yonse imauma anthu n'kumayenda pansi pamene ankapalasa bwato. Apa ndiwo anatsegula pakamwa. Anandifunsa kawiri ngati sindikunama, ndiponso kuti nsomba zimapita kuti. Ndinawauza za milamba yobisala m'matope. Anapukusa mutu n'kunena kuti Mulungu ali ndi ntchito zambiri.

Ukonde tinaupeza madzi atatsala pang'ono kutembenuka. Unali utakulungika pamizu ya mitengo ingapo, wodzaza masamba ndi timitengo, ndipo nkhanu zinali zitadya nsomba zimene zinakodwamo n'kubowola paliponse pamene zinadyera. Tinaumasula diso ndi diso. Pena sizinatheke, ndipo Mzee anadula ndi mpeni, nkhope ili gwa, n'kusiya zidutswa zikulendewera pamizu. Nkhafi sitinaipeze.

Masiku otsala a tchuthi ndinawathera pansi pa mango uja, ukonde utamangiriridwa ku chala chachikulu cha phazi, ndikusoka. Ndisanayambe ndinawaonetsa Mzee mfundo yanga n'kufunsa ngati ndi yomweyo. Inali yomweyo, koma maso a ukonde wawo anali aakulu pang'ono kuposa a maukonde athu, ndipo anandisemera kathabwa koyezera. Azakhali podutsa ndi madzi akumwa ankati, "Safunsa uja ndi uyu, phula walilawa." Ankaseka okha, koma ndinkaona kuti nawonso akuchita manyazi, chifukwa sanayesenso kunditama pagulu.

M'masiku amenewo Mzee ankapita ndi mbedza, atabwereka nkhafi kwa mnansi. Ankabwera ndi nsomba zochepa, zina zazing'ono ngati chikhatho. Pamkeka ndinkaona amayi a panyumbapo akugawa nsomba imodzi pawiri, mbali yaikulu n'kuika kwa alendo. Tsiku lonyamuka linafika ukonde usanathe. Panatsala chibowo chachikulu pakati, choti munthu n'kudutsamo chiimire. Mzee anandigwira dzanja potsanzikana n'kunena kuti chotsalacho amaliza okha, ndipo ndikadzabweranso ndisadzakhudze chilichonse chomangidwa.

M'sitima yobwerera amalume anagona njira yonse. Tinafika ku Parklands kukuwaza mvula, ndipo tsiku lotsatira silinabweretse mawu alionse. Linalo chimodzimodzi. Ndinayamba kupinda zovala zanga n'kuziika m'chikwama chimene ndinabwera nacho, kuti akanena ndisachedwetse anthu.

Loweruka m'mawa amalume anali pakhonde lam'mwamba akumwa tiyi, akuyang'ana magalimoto mumsewu. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali. Kwathu mwana safunsa mkulu zimene mkuluyo sanayambe yekha. Koma ndinali nditaona mzere uja pamitengo, ndipo ndinadziwa kuti chinthu chikhoza kukhala pamwamba pa mutu wako tsiku lonse iwe osachidziwa. Ndinapita n'kukhala pansi pafupi ndi mpando wawo.

"Amalume, kodi mundibweza kumudzi?"

Anaika kapu pansi. Anandiyang'ana monga ankachitira madzulo aja, koma ulendo uno sanatembenukire kwina.

"Ndinaganizapo," anatero. "Osati chifukwa cha bwato. Bwato ndi ngozi, ngakhale yatipweteketsera munthu wosalakwa. Koma chaka chonse, mphwanga, ndakhala ndi mlendo m'nyumba muno. Sukulu bwanji, bwino. Wakhuta, inde. Aphunzitsi ako akuti masamu umakhoza koma Chingerezi sukumva, ndipo sunakwezepo dzanja. Ine ndimati mwina mwanayu akuvutika, akufuna kwawo, akungoopa kunena. Ndikanadziwa bwanji?"

"Sindikufuna kubwerera."

"Ndiye ukananena."

Anamwa tiyi wawo. Pansi pamsewu kondakitala wa matatu ankaitanira anthu opita m'tauni.

"Chingerezicho sukumva pati?"

Ndinati paliponse. Anaseka, koyamba ine ndikuwaona akuseka chifukwa cha ine, n'kunena kuti ndikatenge buku. Tinakhala pakhondepo mpaka tiyi anazizira, ine ndikuloza mawu, iwo akumasulira, pena n'kuvomera kuti nawonso sakudziwa. Masana anauza azakhali kuti Lolemba apite nane akandiyeze yunifolomu ina, chifukwa ija yafupika.

Papita zaka tsopano, ndipo ndikadali ku Nairobi, ndikumaliza maphunziro a zamagetsi. Manyazi sanandichoke. Ndikalowa malo achilendo manja anga amafunabe kugwira ntchito pakamwa pasanatseguke. Koma ndinazindikira kuti zimene atate anandiphunzitsa zinali zoona ndithu, kungoti zinali zoona pa madzi a Chilwa. Ndinazinyamula ngati kuti madzi onse ndi amodzi, ndipo amene analipira kusamala kwangako ndi nkhalamba imene inadya nsomba zochepa nyengo yonse. Masiku ano ndikapeza waya wosiyidwa wolekerera m'nyumba ya munthu, kapena chitseko chimene eni ake satseka, ndimaika manja kumbuyo kaye. Ndimafunafuna mwini wake, ngakhale mawu anditulukire movutikira, n'kufunsa chifukwa chimene anachisiyira chotero.